Ndalama ya sukulu ya mkombaphala yakwana: tiyambire pati?

Naphiri (Leeds):
Moni nonse abale anga, kulikonse komwe muli. Msungichuma wandidziwitsa kuti zopereka za sukulu ya mkombaphala ya kwathu ku Balaka zafika K3,200,000, kuphatikizapo zomwe anzathu a ku Joni atumiza pa Mukuru sabata yatha. Zikomo kwambiri, Mulungu abwezeretse pomwe mwachotsa. Tsopano ndalamayi tiigwiritse ntchito yanji? Maganizo omwe andipeza kumbali ndi awa: ena akuti timange chipinda cha njerwa ndi malata, ana achoke m'chisakasa chija. Ena akuti tigule chakudya cha phala. Ena akuti tiyambe kupereka kangachepe kwa alezi. Zonse pamodzi ndalamayi siingakwanitse. Ndikupempha kuti tikambirane pano poyera aliyense amve, m'malo mondiimbira foni mmodzimmodzi. Mayi Nangozo ndawalowetsa pagulu lero. Ndiwo akhala akulera anawo zaka zonsezi, ndiye tisalankhule ngati iwo palibe.

Yona (Cape Town):
Zikomo achemwali potitsogolera. Maganizo anga mukuwadziwa kale: timange. Pa Khirisimasi ndinali kumudzi, ndinachiona chisakasacho ndi maso anga. Nsanamira zadyedwa ndi chiswe, udzu wa padenga unawola, mvula ikangoyamba kuwaza ana amathamangira pakhonde la tchalitchi. Chipupa chimodzi chomwe chinalipo chinagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mpaka lero sichinadzutsidwe. Phala mwana adya lero, mawa njala ibweranso, koma nyumba ikamangidwa idzathandiza ndi adzukulu athu omwe. Komanso tinene chilungamo: anyamata omwe asonkha kuno amagwira ntchito m'magalaja, m'malesitilanti ndi m'minda ya maluwa ya anthu, ndalama yawo ndi ya thukuta. Akufuna akadzapita kwawo adzaloze ndi chala kuti icho tinamanga ndife.

Che Saidi (Durban):
Ndili mbali ya a Yona. Ufa uli ndi miyendo, nyumba ilibe. Matumba akafika kumudzi aziwerenga ndani? Tikadzangomva kuti ena apezeka pamsika, gululi lidzatha tsiku lomwelo, palibe adzasonkhenso. Pali chinanso chomwe anthu sanena poyera. Sukulu ikamakumanira pakhonde la tchalitchi, makolo ena achisilamu amazengereza kutumiza ana. Nyumba yomangidwa pamalo a mudzi, operekedwa ndi amfumu, ingathetse zimenezo.

Aphunzitsi a Mbewe:
Ana anga, mfundo ya Che Saidi ya tchalitchi ndi yoona, tisaitaye. Koma musanagule thumba la simenti, wina akwere njinga awoloke Rivirivi akaone sukulu ya kutsidya ija. Bungwe lina linabwera n'kumanga chipinda chokongola, mawindo agalasi, zithunzi za njovu ndi zilembo pakhoma, katungwe wachitsulo panja. Tsiku lotsegulira tinavina nawo. Pulojekiti itatha ufa unasiya kubwera, alezi anabalalika, ndipo lero pachitseko pali loko wadzimbiri, pakhonde pakugona mbuzi. Ana a mudzi umenewo ali pakhomo ngati kale. Chathuchi ndi chisakasa, inde, koma mukadutsa m'mawa mumva ana akuimba. Ndiye ine ndikufunsa kuti, n'chiyani chimene chimatsegulitsa sukulu m'mawa uliwonse? Ayankhe amene amatsegulawo.

Mayi Nangozo:
Ndine mwana wawo wa Mayi Nangozo, foni ndi yanga, ndikulemba momwe akundiuzira.

Akuti moni nonse, zikomo potikumbukira. Ine sindidziwa zambiri, ndingonena zomwe ndimaona.

Amayi a m'mudzi muno satumiza mwana asanayang'ane utsi. Kukacha amasuzumira cha kusukulu kuno. Akaona utsi ukufuka pamafuwa amadziwa kuti lero kuli phala, amamusukusula mwana n'kumupatsa kapu yake. Utsi ukapanda kuoneka, mwana amapita naye kumunda kapena amatsala ndi agogo ake. Ine sindiwadzudzula. Mwana wa zaka 3 amene sanalawe kanthu sangakhale pamkeka mpaka 11 koloko. Amalira, kenako amangogona.

Tikakolola zimayenda bwino. Kholo lililonse limabwera ndi kambale ka chimanga, ena nsinjiro, ena mtolo wa nkhuni, akomiti amasonkhetsa ya kuchigayo. Nthawi imeneyo m'kaundula mwanga ana amapitirira 80. Pofika Novembala mbale zija zimayamba kuchepa. Januwale ndi Febuluwale palibe angapatse sukulu chimanga pomwe kwake akudya nsima ya madeya. Chaka chatha, ndi ng'amba ija, mbale zinatha mu Ogasiti, tinatseka mpaka zokolola za chaka chino. Nthawi yomwe mwana akufunitsitsa phala ndi yomwe ife timatseka.

Alezi tinayamba tili 6, tatsala 2. Mmodzi anakwatiwa ku Ntcheu, wina anapita ku Joni, enawo anati sangasiye ganyu chifukwa cha ntchito yosapezapo ndi sopo yemwe. Mwa omwe tinapita ku maphunziro a masabata awiri aja ndatsala ndekha. Mnzanga akapita kukatunga madzi kumjigo ndimatsala ndi ana onsewo, awa akulimbirana mpira, uyu wadziipitsira, phala lili pamoto.

Zoseweretsa musavutike kugula. Timaumba ng'ombe zadothi, timawerengera zitsekerero za mabotolo ndi zitsononkho, mpira timakulunga wa majumbo. Chomwe tikusowa ndi mphika waukulu, chifukwa womwe tili nawo timaphikira kawiri, oyamba akamadya otsala amangowayang'ana mkamwa. Masipuni ndi ochepa, ena amamwera tsamba la mango. Chimbudzi tilibe, ana timawaperekeza kutchire. Nyumba tikuifuna, sindikukana, mvula imatizunza. Koma mutandifunsa choyamba, ndinena ufa wa miyezi ya njala. Za ife alezi sindingalankhule ndekha, n'zochititsa manyazi.

Abiti Mussa (msungichuma, Blantyre):
Mayi, zikomo. Tonse pano takhala tikukambirana za sukuluyi miyezi yonseyi, koma za chimbudzi ndi za mphika ndikumva lero.

Yona (Cape Town):
Mayi, ndamva ndipo zandikhudza. Koma ndifunsebe. Tikagula ufa chaka chino, chaka chamawa bwanji? Tidzasonkhanso? Mpaka liti? Ife kuno mapepala athu enafe ndi ovuta, lero uli pantchito mawa akugwira. Sitingalonjeze kudyetsa mudzi chaka ndi chaka.

Tiyamike (Zomba):
Amalume a Yona, funso lanulo likuvutitsa dziko lonse, si ife tokha. Sukulu ngati yathuyi boma limazitcha CBCC. Zili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, osati wa maphunziro, ndipo zinachuluka kwambiri pomwe Edzi inasiya ana amasiye ambirimbiri m'midzi. Kuyambira pachiyambi maganizo ake anali oti mudzi uzidziyendetsera wokha: malo ndi a mudzi, chakudya ndi cha makolo, alezi ndi odzipereka. Ndondomeko ya boma ya mmera mpoyamba inatuluka mu 2003, inakonzedwanso mu 2017, koma mtolo weniweni udakali pamutu pa amayi ngati a Nangozo.

Mu 2011 anthu ofufuza anatenga mndandanda wa sukuluzi m'maboma a Balaka, Dedza, Thyolo ndi Nkhata Bay n'kuyamba kuziyendera. Pafupifupi theka anazipeza zosagwira ntchito, ngakhale papepala zinalipo. Onani kuti boma lathu la Balaka linali momwemo. Kenako, pantchito yothandizidwa ndi World Bank, anasankha sukulu 199 m'maboma omwewo. Zonse zinalandira zoseweretsa ndi zophunzitsira. Kwina anawonjezera maphunziro a alezi, kwina anaphunzitsanso makolo momwe angachezere, kuimba ndi kusewera ndi mwana pakhomo. Kumene kalankhulidwe ka ana kanasintha moonekera ndi komwe anaphunzitsa alezi ndi makolo omwe. Ndipo ngakhale kumeneko, patapita zaka 3 kusiyana kuja kunali kutazilala. Ine zimandiuza kuti kutula katundu n'kubwerera sikusintha mwana, pamafunika munthu wodziwa ntchito amene akhalepo.

Za chaka chamawa, yankho labwino lomwe ndikulidziwa linachokera kuno ku Zomba. A Save the Children anagwira ntchito ndi sukulu zamtunduwu, ndipo kafukufuku wake anachitika m'sukulu 60. Sanagawe ufa. Anapereka mbewu ya mtedza, soya, chimanga chachikasu ndi ndiwo zamasamba, kholowa wa mbatata yofiira mkati ndi anapiye, n'kuphunzitsa makolo kulima munda wa sukulu ndi kuphika. Ana anayamba kudya zakasinthasintha, ndipo ngakhale azing'ono awo otsala pakhomo kupinimbira kunachepa, chifukwa amayi ankakachita kunyumba zomwe aphunzira kusukulu. Ndiye ine ndikuti ufa wa chaka chino tigule, chifukwa munda sungabereke Januwale asanafike, koma gawo lina lipite ku mbewu ndi feteleza wa munda wa sukulu.

Che Saidi (Durban):
Munda wa gulu kwathu ndimaudziwa. Tsiku lobzala anthu mbwee, tsiku lopalira atatu.

Tiyamike (Zomba):
Zoona Che Saidi, n'chifukwa chake si nkhani yoti ife tilamule pa foni. Amfumu ndi komiti agwirizane okha kuti limana lililonse lili ndi mizere yake, wosapalira adziwike. Komanso mvula ya ku Balaka tikuidziwa, chimanga chokha chingatigwiritse fuwa lamoto. Pakhale nandolo, khobwe ndi mbatata monga Kadyaubwerere, zimene zimapirira.

Bambo Chikopa (mlangizi wa zaumoyo):
Ndilowepo pang'ono, poti sikelo ya ana ya dera lino ndimakachitira pachisakasa pomwepo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'dziko muno ndi opinimbira. Ambiri mwa anawa sagona ndi njala tsiku lililonse ayi, vuto ndi lakuti amadya chinthu chimodzimodzi. Mukagula chimanga chokha, n'kumaphika phala la mgaiwa la mchere basi, mimba idzadza koma thupi silipindula kwenikweni. Likuni phala tingathe kupanga tokha: magawo 4 a chimanga, gawo limodzi la soya wokazinga, kukagayitsa pamodzi. Soya ayenera kukazingidwa kaye, wosakazinga amatsegula m'mimba ndipo ana amakana fungo lake. Soya akasowa, nsinjiro zimagwira ntchito, bola mtedza ukhale wosankhidwa bwino, wachuku utayidwe.

Koma chomwe chandidzidzimutsa ine si ufa. Ana 80 malo amodzi, akudya pamodzi, opanda chimbudzi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ikadzalowa pamalo otere tidzalira mudzi wonse. Chimbudzi cha ana chimafuna bowo laling'ono kuti mwana asaope kugweramo, pansi pa simenti posavuta kutsuka, ndi mpondagiya panja wokhala ndi sopo kapena phulusa. Dzenje akumbe amuna a m'mudzi. Ife tigule simenti ndi malata ake ochepa. Chimenechi chisadikire.

Yona (Cape Town):
Chimbudzi ndavomera, palibe kutsutsa.

Limbani (Lilongwe):
Akuluakulu, bwanji osangolembera mabungwe akuluakulu? A Mary's Meals akudyetsa ana oposa 1 miliyoni m'Malawi muno. Roger Federer, katswiri wa mpira wa tenisi uja, naye wakhala akuthandiza sukulu za mkombaphala kuno. Ine ndingathe kupita kumudzi kukajambula ana aja, makamaka osowa zovala ndi omwe akumwera tsamba, tiike pa Facebook. Azungu akaona zoterozo amapereka msanga.

Abiti Mussa (msungichuma, Blantyre):
Limbani mwananga, za kulembera mabungwe ndi nzeru, koma za zithunzizo ayi ndithu. Ana amenewo ali ndi eni ake. Mwana amene ukufuna kumujambula malaya atang'ambikayo adzakula, adzakhala ndi foni, adzadzipeza pa intaneti akupemphetsedwa. Mayi ake sanakuloleze. Ukafuna kujambula jambula mphika, jambula denga, jambula dzenje la chimbudzi likukumbidwa. Ana ajambulidwe makolo atavomera, atasamba, akuimba. Sitigulitsa umphawi wa abale athu.

Limbani (Lilongwe):
Ndamva azakhali, sindijambula.

Tiyamike (Zomba):
Pa za mabungwe, Limbani, ndikuwonjezere. Mary's Meals inayambira m'Malawi mom'muno mu 2002 ndi ana 200, woyambitsa wake ndi Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland. Koma taona momwe amagwirira ntchito: iwo amabweretsa ufa, ophika ndi anthu a m'mudzi odzipereka. Ngakhale iwo sachotsa ntchito m'manja mwa mudzi. Bungwe la Roger Federer linayamba kuno mu 2011 mogwirizana ndi ActionAid, ndipo mwini wakeyo anabwera kudzaona mu 2015. Boma nalo linayambitsa pulojekiti ya zaka zoyambirira za mwana yomwe World Bank inavomereza mu 2018. Onsewa sasankha mudzi chifukwa cha kalata ya pa WhatsApp, amadzera ku khonsolo. Choyamba ndi kuonetsetsa kuti sukulu yathu ili m'kaundula wa ofesi ya Social Welfare ku Balaka ndipo makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC) akuidziwa. Apo ayi, ngakhale maphunziro a alezi akabwera adzatidumpha.

Komabe tisaike mtima wonse kumeneko. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo la USAID, ndinaona anzanga kuno akuuzidwa kuti asabwere kuntchito, magalimoto ataimikidwa, midzi yomwe ankayendera osatsanzikidwa n'komwe.

Aphunzitsi a Mbewe:
Apo Tiyamike wanena. Ndipo ifenso tisamale, tingasanduke bungwe lomwe tikulidandaulalo. Kutsidya kuja, ufa wa bungwe usanabwere makolo ankasonkha mbale ngati kwathu kuno. Ufa utabwera anasiya, poti wosonkha ankaoneka wopusa. Pulojekiti itatha chizolowezi chosonkha chinali chitafa, ndipo kuchidzutsa kunakanika. Ife tikatumiza chimanga cha chaka chonse tipha mbale za Mayi Nangozo ndi manja athu. Chimanga chathu chitsegulidwe Disembala, chitsekedwe Malichi akatha. Kuyambira pokolola mpaka Novembala makolo azisonkha ngati kale. Nkhuni, madzi ndi kuphika zikhalebe za mudzi. Zimenezi zinenedwe pamsonkhano amfumu ali pomwepo, pasadzakhale wonena kuti a kunja atenga sukulu.

Ndiwonjezere china cha ku ntchito yanga yakale. Ndaphunzitsa Sitandade 1 kuyambira pomwe sukulu yaulere inayamba mu 1994, kalasi ya ana oposa 100 pansi pa mtengo. Sabata yoyamba ndinkadziwiratu amene wadzera ku mkombaphala. Osati chifukwa choloweza ABCD ayi. Amadziwa kukhala pansi n'kumvetsera, kudikira nthawi yake, kupempha kupita kuchimbudzi, kugwira pensulo, kuyankha akafunsidwa dzina. Winayo amathera teremu yonse akulira n'kuthawira kwawo, chaka chikatha abwereza. Ndiye makolo omwe akumadandaula kuti a Nangozo akungoimbitsa ana ndi kuwauza nthano m'malo mowaphunzitsa Chingerezi, ndikuwapempha awaleke. Mwana amene amatha kufotokoza nthano m'Chichewa kapena m'Chiyao ndi amene amawerenga msanga.

Naphiri (Leeds):
Zikomo aphunzitsi. Tsopano ndilankhule zomwe Mayi Nangozo achita nazo manyazi, chifukwa tikuzilambalala tonse. Ine kuno ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Ndimawasambitsa, kuwadyetsa, kuwasintha akadziipitsira. Ola lililonse ndimalipidwa, ndipo lamulo silingalole kuti andisiyire anthu 80 ndekha. Mayi Nangozo akuchita ntchito yomweyo kwa ana a abale athu, mmawa wonse, nthawi yomwe anzawo ali kumunda kwawo kapena kuganyu, ndipo pakutha pa mwezi salandira kanthu. Munda wawo umapaliridwa mochedwa chifukwa cha ana athu. Tikamawatamanda kuti ndi odzipereka, kwenikweni tikunena kuti mayi wosauka ndiye azilipirira sukulu ya mudzi wonse ndi nthawi yake. Zimandipweteka. Tikamanga nyumba ya malata koma awiri otsalawa n'kutopa, tidzaikamo ndani?

Che Saidi (Durban):
Achemwali, mtima wanu ndaumva, ndipo sindikunyoza ntchito ya amayiwa. Mantha anga ndi awa. Mukangotchula malipiro, mawa lomwe akomiti abweretsa azilongo awo kuti nawonso ndi alezi, ndipo a Nangozo omwe avutika zaka zonsezi angapezeke akukankhidwira kunja. Chachiwiri, mukalipira miyezi 6 kenako ndalama n'kutha, munthu amene ankabwera mwa chifundo amasiya, chifukwa tsopano wasanduka wantchito wosalipidwa. Ndaziona m'makomiti a kumzikiti ndi a mjigo.

Naphiri (Leeds):
Mantha anuwo ndi enieni. Koma taonani, osalipira komweko alezi 4 apita kale. Sitikuteteza chilichonse pongokhala chete.

Abiti Mussa (msungichuma, Blantyre):
Mwina titere. Za alezi tisazichotse pa K3,200,000, chifukwa imeneyi ikatha yatha. Tikhale ndi thumba lapadera la mwezi ndi mwezi, la anthu okhawo omwe angalonjeze chaka chathunthu, ndipo tilonjeze zochepa zomwe tingakwanitse ngakhale zinthu zitavuta. Ndalamayo izipita pa Airtel Money kapena Mpamba ya mlezi mwini wake, isadzere m'manja mwa wina. Mayina a alezi alembedwe pamsonkhano wa mudzi, kuyambira ndi awiri omwe alipowa, ndipo owonjezera asankhidwe ndi makolo, a Social Welfare akudziwa. Tiwauze poyera kuti si malipiro a boma, ndi thandizo la chaka chimodzi lomwe tidzaunikenso.

Komanso monga wosunga thumba ndikuchenjezeni za kudikira. Ena mumati tisunge ndalamayi kubanki mpaka ikwane nyumba yonse. Mukumbuke Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, simenti ndi malata zinakwera sabata yomweyo. Ndalama yomwe tili nayo lero singamalize chipinda chabwino, ingatifikitse pa mawindo n'kuima. Pomwe chimanga, ino ndiyo nthawi yogula, anthu angokolola kumene. Tikadikira Disembala tidzagula matumba ochepa ndi ndalama yomweyi.

Bambo Chikopa (mlangizi wa zaumoyo):
Pa za alezi, ena m'dera lino amawathandiza powalimira mizere ingapo kapena kuwagulira masheya ku banki mkhonde. Mudzi nawo ungachitepo mbali imeneyo, zisangokhala za a kunja zokha.

Mayi Nangozo:
Amayi akuti zikomo, amva zonse, ndawawerengera. Akuti za kuwalimira zingawathandize kwambiri kuposa momwe mukuganizira, chifukwa chomwe chimawadetsa nkhawa ndi kupalira. Akutinso pali atsikana awiri omwe analemba Fomu 4 ali pakhomo, amabwera kudzathandiza mwa apo ndi apo. Atapita ku maphunziro angakhazikike.

Tiyamike (Zomba):
Za maphunziro a atsikanawo ndikafunsa ku Social Welfare Lachiwiri, ndikupita ku Balaka pa za ntchito. Ndikafunsanso ngati sukulu yathu ili m'kaundula. Mayi, munditumizire dzina lomwe munalembetsa ndi chaka chomwe munayamba, kumbali.

Yona (Cape Town):
Ndakhala ndikuwerenga zonse. Sindinasinthe maganizo oti ana aja akufunika denga, ndipo mvula ikayamba mudzandikumbuka. Koma ndavomera kuti ndalama iyi isapite ku nyumba. Ndipemphe chinthu chimodzi: nkhani ya nyumba isafere pano. Amfumu apereke malo a mudzi, osati a mpingo kapena a mzikiti, monga ananenera Che Saidi, ndipo alembe pakalata. Mudzi uumbe njerwa chilimwe chino. Njerwa zikaoneka, ine ndi anyamata a kuno tisonkha zapadera za malata ndi misomali. Ngakhale chikhale chipinda chimodzi chopanda pulasitala, bola chisadonthe.

Che Saidi (Durban):
Pa malata amenewo mundiwerengere. Chimbudzicho chikumbidwe pamalo atsopanowo, tisamange kawiri.

Aphunzitsi a Mbewe:
Kwa amfumu ndipita ndine mawa madzulo, pamodzi ndi wapampando wa komiti. Abusa ndi a shehe ndiwaitanenso ku msonkhano, onse ali ndi ana pamenepo.

Abiti Mussa (msungichuma, Blantyre):
Ndiye ndilembe momwe ndamvera, wotsutsa atsutse lisanafike Lachisanu. Theka la ndalama ligule chimanga ndi soya wa Disembala mpaka Malichi, ndi ya kuchigayo. Pa theka lotsalalo tichotse simenti ndi malata a chimbudzi, mphika waukulu, makapu, masipuni ndi ndowa, ndipo zotsala zipite ku mbewu ndi feteleza wa munda wa sukulu. Mitengo ndifufuza ku Balaka ndi kwa Phalula, ndiika pano musanandilole kutapa ndalama. Lisiti lililonse ndizijambula n'kuika pagulu. Za thumba la alezi, ofuna kulonjeza andilembere kumbali, Naphiri walemba kale dzina lake.

Che Saidi (Durban):
Funso langa loyamba lija silinayankhidwe. Matumba asunga ndani?

Mayi Nangozo:
Amayi akuti pamenepo ali ndi pempho. Chimangacho chisasungidwe kunyumba kwathu. Akuti Januwale akafika, anthu akadzaona utsi pakhomo pathu adzati tikudya cha ana, ngakhale chili chathu cholima tokha, ndipo achibale adzabwera kudzapempha, kuwakaniza n'kovuta. Akuti chikhale m'chipinda cha ku sukulu ya pulayimale ngati ahedi angalole, pachitseko maloko awiri, kiyi wina kwa komiti wina kwa mayi wosankhidwa ndi makolo. Iwo azingolandira muyeso wa sabata n'kusainira m'kope.

Che Saidi (Durban):
Zikatero ndakhutira.

Abiti Mussa (msungichuma, Blantyre):
Ndawonjezera maloko awiri ndi kope pamndandanda. Ndiikaponso matumba a PICS, aja osalowa mpweya, chifukwa kuchokera pano mpaka Disembala anankafumbwe angatimalizire chimanga, ndipo sindikufuna kuthira mankhwala m'chakudya cha ana. Aphunzitsi, popita kwa amfumu mawa mudzerenso kwa ahedi za chipindacho.

Aphunzitsi a Mbewe:
Ndidzera. Ndikuyankhani mawa usiku.